Nthambi Tisazitenthe, Tizigaye



Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, madzulo aliwonse kumakhala utsi. Wina wadulira mango, wina wameta mpanda wa maluwa, wina wasesa masamba pabwalo la sukulu, koma onsewa mathero ake ndi amodzi: kuunjika mulu ndi kuyatsa machesi. M'mawa pamatsala phulusa losadzaza n'komwe ndowa, mphepo n'kuliulutsa. Chapafupi pomwepo pali mtengo wa malalanje, masamba ake apindika ndi dzuwa, nthaka ya pansi pake ili gwa, yachita ming'alu. Zimene zikanauthandiza mtengowo ndi zomwe zija zapsa dzulo.

Lero tikambirane za makina oyendera petulo ogaya nthambi ndi masamba kuti tipeze zophimbira nthaka. M'masitolo amawatcha chipper kapena shredder. Ayamba kuoneka m'minda ya zipatso, m'malo ogona alendo, m'sukulu zina ndi m'magulu a alimi. Ndi makina abwino, koma ndi odula, ndi oopsa, ndipo ambiri amasiya kugwira ntchito asanakalambe. Mukawapeza atatayidwa kuseri kwa nyumba, kawirikawiri vuto limakhala limodzi mwa atatu: mipeni yobuntha, petulo wogonera, kapena fumbi.

Amene munaonapo wogayitsa akutsegula chigayo kuti asinthe sefa, mkati mwa makinawa mukuwadziwa kale. Muli chitsulo chozungulira chokhala ndi mahamala olendewera, amene amamenya chilichonse chogweramo mpaka chitachepa n'kutulukira pa sefa. Chowonjezera n'chakuti pa chitsulo chomwecho amamangapo mpeni umodzi kapena iwiri yachitsulo cholimba kwambiri. N'chifukwa chake makina ambiri ali ndi polowetsera pawiri. Pamwamba ndi potambalala, pothira masamba, mapesi ndi tinthambi. Pambali pali paipi yopendekeka yolowetsera nthambi imodziimodzi, ndipo kumapeto kwa paipiyo mpeni umadutsa kambirimbiri pa sekondi imodzi, kubenthula nthambiyo pang'onopang'ono mpaka itatha.

Injini yake si yachilendo. Makina ang'onoang'ono amakhala ndi injini ya 6.5 horsepower, monga Honda GX200 kapena zina zofanana nayo zochokera ku China, yomweyo imene ili pa mapampu ambiri othirira m'madimba. Akuluakulu amakhala ndi ya 13 horsepower, monga GX390. Ubwino wake ndi wakuti makaniko wa pamsika amene amakonza mapampu ndi majenereta akhoza kuikonza, ndipo pulagi kapena kabuleta yake sizisowa. Imazungulira maulendo pafupifupi 3,600 pa mphindi, ndipo yaing'onoyo ikamagwira ntchito yolemetsa imamwa petulo woposa lita imodzi ndi theka pa ola.

Kodi aliyense akufunika makinawa? Ine ndikuti ayi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,000. Kuti muiphimbe yonse ndi tizibenthu tokhuthala masentimita 5, pangafunike makyubiki mita 200. Makina ang'onoang'onowa sangakwanitse zimenezo, ndipo petulo wake angakudyereni phindu lonse. M'munda wa chimanga, mapesi ongogoneka m'mizere kapena odula ndi chikwanje amakwanira, monga alangizi amatiphunzitsira pa ulimi wa mtayakhasu. Makinawa malo ake ndi m'munda wa zipatso, mu nazale, m'dimba la tomato ndi masamba, ndi paliponse pamene pamatuluka nthambi zambiri chaka ndi chaka. Mtengo umodzi wa zipatso, mukauphimbira mita imodzi kuzungulira thunthu, mokhuthala masentimita 8, umafuna mawilibala anayi. Pamenepo ndiye ntchito ya makina imaoneka.

Wina anena kuti, nanga nkhuni? Ndi zoona, kwathu kuno nthambi yaikulu ndi nkhuni, ndipo sindingauze munthu kuti agaye chimene chikanaphika nsima. Mwamwayi, apa khitchini ndi nthaka sizilimbirana. Makina ang'onoang'ono amalandira nthambi zosapitirira masentimita 5, ena mpaka 7, ndipo nthambi zopyapyalazo ndi zomwe zili ndi chakudya chambiri cha nthaka, chifukwa zili ndi khungwa, mphukira ndi masamba. M'zaka za m'ma 1980, Gilles Lemieux wa pa yunivesite ya Laval ku Quebec, m'dziko la Canada, anafufuza kwambiri nkhani imeneyi, ndipo malire amene iye ndi anzake anaika anali omwewo: nthambi zosapitirira masentimita 7. Choncho zikuluzikulu zipite kukhitchini. Tinthambi timene amayi amatisiya chifukwa timangoti lawi n'kutha, timeneto ndiye tilowe m'makina.

Zabwino koposa ndi nthambi zaziwisi za gilisidiya, lukina, nandolo amene mwakolola kale, mango, mapeyala ndi magwafa. Nthambi yaiwisi imabenthuka mosavuta ndipo siipweteka mpeni. Youma kwambiri, makamaka ya mtengo wolimba kapena nsungwi, imadumphadumpha m'manja ndipo imabunthitsa mpeni msanga. Masamba onyowa okhaokha amamatirira pa sefa n'kutseka potulukira, ndiye muzisinthanitsa: dzanja limodzi la masamba, kenako nthambi, kuti nthambiyo ikankhe zomatirirazo. Mapesi amagayika bwino, ndipo pali phindu lina. Kapuchi amabisala m'mapesi ouma chilimwe chonse kudikira mvula, ndipo mapesi akaphwanyidwa, ambiri amafera momwemo. Koma dulani mizu muisiye. Dothi ndi timiyala tomatirira ku mizu zimadya mpeni kuposa mtengo uliwonse.

Pali zina zosayenera kuyandikira n'komwe. Nkhadze musaigaye. Utomoni wake ukadonthera m'diso umatentha koopsa ndipo ukhoza kuliwononga, ndiye taganizani makina akuumwaza mumpweya pamene inu mwaima. Khonje, mathunthu a nthochi ndi masamba a kanjedza zili ndi luzi limene limakulunga pa shafiti mpaka makina ataima. Nthochi yogwidwa chisaka, chinangwa chodwala ndi mitengo ya tomato yofota ndi matenda, zimenezo tsatirani malangizo a alangizi, musazimwaze m'munda ngati zophimbira. Tchire limene labereka kale njere, monga lantana, mukaligaya ndiye kuti mwalifesa nokha. Ndipo mulu uliwonse wosesedwa pabwalo muyambe mwaufufuza. Msomali, waya, mwala kapena chitsekero cha botolo zikalowa, zimabenthula mpeni, kapena zimatuluka ndi liwiro lotha kuboola diso la mwana amene waima patali.

Ndafika pa chitetezo, ndipo pano ndikupempha mutchere khutu. Makinawa sasiyanitsa nthambi ndi dzanja. Mpeni ukakhala wakuthwa umakoka nthambi wokha, ndipo ngati nthambiyo yakola mkono wa malaya kapena nsonga ya chitenje, imapita nazo limodzi. Amayi, tsiku logaya valani ovololo kapena zovala zothina, duku limangidwe bwino. Magolovesi akhale okugwirani, osati otayatayawo. Magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu si zodzionetsera. Phokoso lopitirira madesibelo 85 limawononga makutu munthu akakhalamo nthawi yaitali, ndipo makinawa akamatafuna nthambi amapitirira pamenepo kutali. Kugontha kwake kumabwera mwakachetechete, ndipo sikuchira.

Imani chammbali mwa paipi, osati kutsogolo kwake, chifukwa nthambi imatha kubwerera. Lowetsani tsinde kaye, nsonga pambuyo. Kachidutswa kakafupika kasiyeni, kakankheni ndi nthambi ina. Makina aikidwe panja, pamalo osalala, potulukira pataloza kopanda anthu, mawindo kapena ziweto. Musawalize m'nyumba kapena m'shedi yotseka, chifukwa utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, wosaoneka, koma wakupha. Ana amakonda kuunjikana pa chilichonse cholira, ndiye pakhale munthu wamkulu wowaletsa.

Ngozi zambiri zimachitika makina akatsamwa. Munthu wazimitsa injini, phokoso latha, iye n'kupisa dzanja. Koma chitsulo chamkati ndi cholemera, chimapitiriza kuzungulira kwa kanthawi injini itazima kale. Dikirani mpaka chitaima ndithu. Kenako zulani chipewa cha pulagi, muchiike poti sichingakhudzenso pulagiyo. Mukamatembenuza chitsulo ndi dzanja kuti muchotse chotsamwitsa, mukhoza kutembenuzanso injini, ndipo injini yotentha imatha kulira. Chipewa chikazulidwa, singalire. Zikatero tsegulani, ndipo muchotse ndi kamtengo.

Polowetsa nthambi, khutu ndilo likutsogolereni. Injini ikayamba kulira motsika ngati ikulemedwa, bwezani nthambi pang'ono, muilole itolere mphamvu, kenako mupitirize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amapanikiza makina amapsereza lamba, ndipo fungo la labala wopsa ndilo limawauza mochedwa. Pomaliza ntchito, asiyeni alire opanda kanthu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti atulutse zonse zamkati. Mukazimitsa muli zinthu, mawa chingwe chidzakana kukokeka.

Tsopano za mipeni, pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani yonse. Mpeni wakuthwa umatulutsa tizibenthu toyera m'mbali, tofanana kukula, ndipo nthambi imalowa yokha, inu kumangoiwongolera. Wobuntha umatulutsa zansanzansanza zazitali, kapena utuchi, ndipo mumayamba kukankha ndi mphamvu. Makina amanjenjemera, petulo amatha msanga, lamba amatentha, mabelingi amavutika, mabawuti amamasuka okha. Munthu amaona ngati injini yatopa n'kuthamangira kwa makaniko, pamene injiniyo ilibe mlandu. Tengani tizibenthu m'manja nthawi ndi nthawi mutiyang'ane. Timanena zoona za mpeni wanu.

Mipeni yambiri imakhala yakuthwa mbali zonse ziwiri, ndiye mbali imodzi ikatha mumangoitembenuza. Zonse zikatha, inoledwe. Apa pali msampha. Wonola zikwanje ndi makasu pa galayinda akaugwira mpeniwu mwachizolowezi, amautentha mpaka m'mphepete mwake mutasanduka mobiriwira, ndipo chitsulo chikafika pamenepo chafewa, sichidzasunganso kuthwa. Muuzeni anole pang'onopang'ono, aziuviika m'madzi, asunge kupendekeka kumene unabwera nako, ndipo asanole kumsana kosalalako. Ngati mipeni ili iwiri, ichotsedwe chitsulo chofanana. Umodzi ukalemera kuposa unzake, makina onse amagwedezeka mpaka kuthyola mabelingi. Pobwezeretsa, pukutani bwino pokhala mpeni kuti pasatsale utomoni kapena kachibenthu, mangani mabawuti mwamphamvu monga buku la makina likunenera, ndipo bawuti yodyeka mutu musaibwezeretse. Yang'ananinso mpata wa pakati pa mpeni ndi chitsulo choima chimene nthambi imatsamirapo podulidwa. Mpatawo ndi waung'ono kwambiri, ndipo muyeso wake walembedwa m'buku lomwelo. Ukakula, nthambi zopyapyala zimangopindika n'kudutsa osaduka. Langizo langa kwa aliyense wogula ndi lakuti agule mipeni yapadera ndi lamba wapadera tsiku lomwelo. Sitolo imene ili ndi makinawa chaka chino, chaka chamawa ikhoza kukhala ilibe zida zake.

Chachiwiri pa mavuto atatu aja ndi petulo. Petulo wogulitsidwa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Zimenezi zinayamba mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ina ya PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004. Mlingo wake umatha kufika malita 20 pa malita 100 aliwonse, pamene mabuku a injini zazing'ono ngati za Honda amanena kuti usapitirire 10. Dziko limapindula ndi ethanol ameneyu, ndipo galimoto yoyenda tsiku lililonse siidandaula. Koma makina athuwa amagwira ntchito masabata angapo, kenako n'kukhala miyezi. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, madzi amadikha pansi pa thanki ndi m'kabakuli ka kabuleta, dzimbiri limayamba, mapaipi a labala amauma n'kung'aluka. Petulo akakhalitsa, ngakhale mwezi umodzi wokha, amayamba kusiya zomata zimene zimatseka timabowo ta kabuleta, tating'ono kwambiri. Tsiku lofuna kugaya mumakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, injini osayankha.

Mankhwala ake ndi osavuta. Gulani petulo wokwanira ntchito ya masiku ochepa. Mukamaliza, tsekani kampopi ka mafuta injini ikulira, muisiye mpaka izime yokha. Ngati makina akhale nthawi yaitali, khuthulani thanki, ndipo mumasule kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti totsalira tituluke. Petulo akasowa, ambiri timagula wa m'zigubu, ndipo ameneyo amatha kukhala ndi madzi kapena zinyalala. Muyambe mwamuthira m'botolo loonekera mkati, adikhe. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwinobwino. Thirani kudzera pa faneli ya sefa, injini itazima ndi kuzizira, kutali ndi moto ndi fodya.

Oyilo sindichedwapo. Makina atsopano nthawi zambiri amabwera opanda oyilo, ndiye musakoke chingwe musanathire. GX200 imalowa 0.6 ya lita, GX390 lita 1.1, wa mtundu wa 10W-30. Woyamba asinthidwe pakatha maola 20 kapena mwezi umodzi, chifukwa amakhala ndi tizitsulo ta injini yatsopano, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi 6. Muziyang'ana m'mawa uliwonse makina ataima pofanana. Injini zambiri zili ndi kachipangizo kozizimitsa oyilo akachepa. Ikamazima yokha, yambani mwaona oyilo, ndipo musalole aliyense kudula waya wa kachipangizoko.

Chachitatu ndi fumbi. Nyengo yogaya ndi nyengo youma, ndipo makinawa amadzipangira okha fumbi la masamba ndi mapesi, n'kumalipumanso. Buku limati fyuluta ya mpweya iyeretsedwe maola 50 aliwonse, koma limawonjezera kuti pafumbi muzichita pafupipafupi. Pogaya mapesi mu Seputembala, ine ndinganene kuti tsiku lililonse. Siponji yakunja ichapidwe ndi sopo ndi kuumitsidwa, yapepala ingogogodedwa pang'ono, ikang'ambika kapena kuda kwambiri isinthidwe. Injini ikayamba kutulutsa utsi wakuda, pali chizolowezi chochotseratu fyuluta kuti ipume bwino. Imapumadi bwino masiku oyamba, koma fumbi likulowa mu silinda n'kumapala zitsulo, ndipo posakhalitsa imayamba kudya oyilo ndi kutha mphamvu. Chotsaninso zinyalala zomata pa zipsepse za injini ndi pa ekizozi, chifukwa masamba ouma akakhala pa chitsulo chotentha amayaka. Pulagi ipukutidwe, mpata wake ukhale pakati pa mamilimita 0.7 ndi 0.8. Girizi pang'ono m'mabelingi, lamba asakhale wolobodoka, mabawuti onse ayesedwe ndi sipanala musanayambe ntchito.

Tsono mwagaya, mulu uli apo ukununkhira mtengo wauwisi. Ngati muli masamba ambiri, pakapita tsiku limodzi kapena awiri mukapisa dzanja mudzamva kutentha. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tayamba kuoletsa. Pa mitengo ikuluikulu mukhoza kuyala tsiku lomwelo. Pa mbande ndi masamba anthete, dikirani masabata angapo mulu uzizire. Za bulugama ndi paini ndi bwino kuziyala m'njira zapakati pa mabedi kapena kuzisiya ziyambe zaola. Mukamafukula mulu wokhalitsa umene wachita nkhungu, vindikirani pamphuno.

Yambani mwapalira ndi kuthirira mokwanira, kenako yalani masentimita 5 mpaka 10. Pansi pa chophimbacho nthaka imakhala yozizira ngakhale mu Okutobala, madzi sauma msanga, udzu umalephera kumera chifukwa chosowa kuwala, ndipo mvula yoyamba ija yamphamvu imamenya tizibenthu m'malo momenya dothi. Pakapita miyezi, kankhani pang'ono muone: dothi lakuda, lofewa, timizu toyera tayandikira pamwamba, nyongolotsi zikuthawa kuwala. Zinthu ziwiri zokha musachite. Musaunjike pa thunthu. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira, chifukwa khungwa lonyowa nthawi zonse limaola. Ndipo musakwirire tizibenthu ndi khasu. Tizilombo tooletsa mtengo timafuna nayitirojeni, ndipo mukasakaniza tizibenthu ndi dothi timamutenga pamene pali mizu, mbewu n'kuyamba chikasu. Tikakhala pamwamba, kulimbiranako kumathera pamwamba pomwepo. Manyowa kapena feteleza aikidwe pansi, chophimba pamwamba.

Ndikudziwa kuti ena mwakhala mukudikira funso la chiswe. Inde, chiswe chimabwera, ndipo chimadya chophimbacho, moti chaka ndi chaka muyenera kuwonjezera. Koma chiswe chimakonda zouma kuposa zamoyo, ndipo ofufuza ku Uganda anapeza kuti chimanga chophimbiridwa ndi mapesi chinawonongeka pang'ono ndi chiswe poyerekeza ndi cha pa nthaka yoyera. Njira zake m'nthaka zimalowetsanso madzi. Chofunika ndi kusayala pafupi ndi khoma la nyumba, nkhokwe kapena mitengo ya khola, ndi kusiya mpata uja pa thunthu. Kumbukiraninso moto wolusa: lambulani kuzungulira munda wa zipatso, chifukwa chophimba chouma chimayaka.

Poti makinawa ndi odula, ambiri adzawapeza kudzera m'kalabu, m'kopaletivi, kumpingo kapena kusukulu. Ndi njira yabwino, koma ili ndi vuto lake. Makina oyenda khomo ndi khomo, aliyense amafuna kugaya, palibe wofuna kugula oyilo. Pempho langa kwa atsogoleri a magulu ndi ili: sankhani munthu mmodzi kapena awiri, aphunzitsidwe, ndipo makina akamapita kwa membala azipita ndi munthuyo. Pakhale kope lolembamo tsiku, maola amene agwira ntchito, tsiku losintha oyilo ndi tsiku lonola mipeni. Popanda kope, maola 100 aja palibe angawadziwe. Wobwereka asamangolipira petulo yekha. Pa ola lililonse pakhale kandalama kolowa m'thumba la oyilo, lamba, mipeni ndi malipiro a woyendetsayo, ndipo kandalamako kazikwera mitengo ya zinthu ikakwera.

Mvula ikayandikira, woyendetsayo apatsidwe tsiku lathunthu losagaya kanthu. Atsegule makina, apale utomoni wonse mkati chifukwa umasunga chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri, apake oyilo pa mipeni, asinthe oyilo wa injini, akhuthule petulo. Azule pulagi, adonthezeremo supuni yaing'ono imodzi ya oyilo, akoke chingwe kangapo pang'onopang'ono, abwezeretse pulagiyo. Kenako makina alowe pansi pa denga losadontha, pamatabwa kapena panjerwa, ndipo polowetsera ndi potulukira patsekedwe ndi saka kuti makoswe asamangemo zisa.